Mlombwa wa M'malire a Manda

Kwathu, ukachoka pa Malomo n'kulunjika kumapiri a Ntchisi, pali malo amene anthu amawatchula kuti ku Botaniki. Mlendo akamva dzinali amayembekezera geti lachitsulo ndi mlonda wa yunifolomu. Akafika amapeza mpanda wa nkhadze, kanjira kodutsa mbuzi, ndi mitengo yomangiriridwa tizidutswa ta malata tolembedwa mayina ndi penti. Malowo anali munda wa mayi anga aang'ono, amene anandilera mayi ondibereka atamwalira. Pakamwa ndinkangowaitana kuti amayi.

Ndinabwerera kumudzi ukwati wanga utatha ku Lilongwe. Ndinafika ndi chikwama, mwana kumsana, ndi mkwiyo wokwanira mudzi wonse. Mayi aang'ono sanandifunse zambiri. Anandisiya ndilire mpaka maso atatupa, kenako mmawa wina anandiponyera khasu pakhomo.

"Misoziyo kathirire mbande kumunda," anatero. "Kuno ikungondiwoletsera mkeka."

Ndinawakwiyira tsiku lonse, koma khasulo ndinalitola.

Anali mayi wamfupi, wa miyendo ya matewe, ndipo akaseka anthu a kutsidya kwa mtsinje ankadziwa kuti adzuka bwino. M'kwaya ya amayi ankaimba mokweza kuposa onse, ndiponso mophonya kuposa onse. Sindinganame kuti anali katswiri wa mitengo. Ankadziwa zimene mayi aliyense wa kumudzi amadziwa: mtengo wa nkhuni zoyaka bwino, mtengo wa utsi woliritsa, mtengo wa zipatso. Chimene anali nacho choposa anzawo chinali liuma. Akati chakuti ndichita, ngakhale mvula ya matalala sinkawabweza.

Nkhani ya Botaniki inayamba ine ndisanabwere. Mlangizi wa zankhalango anatenga alimi a kwathu, ena a ku Bowe ndi ena a ku Chezi, kupita nawo ku Lilongwe kukaona munda waukulu wotchedwa Botaniki, umene amasungamo zomera kuti anthu azikaphunzira. Mayi aang'ono ankavomera okha kuti anapitako chifukwa cha minibasi yaulere. Kumeneko anapeza ana asukulu a m'tauni atazungulira msuku, akulemba dzina lake ngati dzina la nduna. Anaseka mpaka mlangizi anachita manyazi. Koma pobwerera, minibasi ikudutsa mapiri a Dowa atametedwa mpala, kuseka kuja kunawathera. Atafika kunyumba anaitana ana a pamudzi n'kuwafunsa kuti muwanga ndi chiyani. Wina anati ndi mbalame, wina anati ndi dzina la munthu. Mitengo imene anawo ankaidziwa inali bulugamu, malayina ndi mango.

Sabata yomweyo anapereka munda wawo wa pamtsetse, umene umayambira m'malire a manda kumtunda n'kutsetsereka mpaka kumtsinje. Anasonkhanitsa amayi anzawo ndi abambo ochepa amene analephera kuwakana, ndipo anthu oseka ndi amene anawatcha malowo kuti Botaniki. Mayi aang'ono analilandira dzinalo ndi manja awiri.

Pamene ine ndinkalowa m'gululo, Loweruka linali litazolowereka kale. Mmawa tinkagwira ntchito, dzuwa likakwera tinkakhala pansi pa mkuyu kuphunzitsana. Aliyense ankabwera ndi chimene akudziwa. Ena ankabweretsa timitengo ta masuku tozulidwa pamodzi ndi dothi la pansi pa make, chifukwa mlangizi anatiuza kuti msuku sukula bwino popanda dothi la kwawo. Ena ankabwera ndi nthudza, maye, mpoza, ndi katope wobzala m'mbali mwa madzi. Panali bedi la ndiwo zakutchire, luni, chisoso, denje ndi chewe, limene mbuzi zinkalikonda kuposa ife. Sing'anga wa mudzi woyandikana nafe ankatiphunzitsa kusenda khungwa mbali imodzi yokha kuti mtengo usafe, koma akafika pa kasakanizidwe ka mankhwala ake ankagwidwa ndi chifuwa. Bambo wina wachisilamu wa golosale pa Malomo anatipatsa penti ndi malata otsala pa shopu yake, ndipo ankabwera pa njinga kudzaona ngati sitikuwononga penti wake. Ine gulu linandipatsa ntchito yolemba mayina, poti ndinafikako ku sekondale. Ntchito yoputa mikangano imeneyo! Mtengo womwewo mayi wochokera ku Bowe ankautchula mwina, wa kuno mwina, ndipo aliyense ankalumbira pa agogo ake. Mayi aang'ono anagamula kuti ndizilemba onse awiri.

Aphunzitsi akabwera ndi ana asukulu, mayi aang'ono sankawakhazika pansi nthawi yaitali. Ankawatsinzinitsa, kuwafikisira tsamba pamphuno, n'kuwauza kuti atchule mwini wake. Wolakwa ankapita kukatunga madzi. Pobalalika mwana aliyense ankamutuma kuti akafunse munthu wamkulu wa pakhomo pawo mtengo umodzi umene unalipo kale koma lero sukuonekanso. Anawo ankabwera ndi mayina opotoka, ndipo madala a m'midzi, atamva kuti mayina a mitengo yawo akuphedwa ku Botaniki, anayamba kubwera okha kudzakonza. Bambo wina amene sankatuluka pakhomo pake chimwalirireni mkazi wake anafika tsiku lina ndi ndodo, kudzatsutsa mdzukulu wake pa nkhani ya mtengo wopangira mipini. Sanajombenso Loweruka lililonse. Ine ndinkaona zonsezi ndikusakaniza penti, ndipo ndinadzazindikira kuti papita masabata ndisanamutukwane mumtima mwamuna wanga wakale uja.

Chimene chinkasowa m'mundamo chinali mlombwa. M'dera lathu lonse unali utatha. Unapita ku zitseko, mafelemu a mawindo ndi mipando ya m'matchalitchi, ndipo wotsala unathera ku zigafa za fodya. Inatsala milombwa ikuluikulu ya kumanda yokha, imene inkaonekera pamwamba pa mitengo inzake ukaima m'munda mwathu. Kumanda sikulowedwa wamba. Sutolako nkhuni, suthyolako chipatso, sudulako nthambi. Amalowako ndi adzukulu, okumba manda, ndipo enafe timalowako pa maliro pokha. Aliyense amadziwa kuti mlombwa umaphuka ukazika nthambi yake, koma ndani akanakweza chikwanje kumeneko? Mlangizi anati akhoza kutipezera njere kwina. Mayi aang'ono anakana. Ankafuna wa kwathu, umene agogo athu anauona ndi maso.

Njira anaipeza ndi phazi. Mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuwomba kuchokera kumtunda, anaponda kanthu kobaya m'munda mwawo momwemo. Linali khoko la mlombwa, lozungulira ngati kambale, pakati pali timinga, m'mbali muli phiko lopyapyala louluka nalo. Zaka zonse ankawasesa makoko otere n'kuwatentha pamodzi ndi mapesi. Anapita nalo kwa mkulu wa adzukulu, ine ndikuwaperekeza.

"Chinthu ichi n'chakumanda kapena n'changa?" anafunsa.

"Mwachitola kuti, mayi?"

"M'munda mwanga. Chandibaya chokha, sindinachiitane."

Mkuluyo anachitembenuza uku ndi uku, akukanda kumutu. Funso lotere anali asanafunsidwepo.

"Ife timaletsa kutenga," anatero pamapeto pake. "Koma chimene eniake aponya okha kunja, tilibe nacho mawu. Bola phazi lanu lisadumphe malire."

Kuyambira tsikulo mayi aang'ono ankayenda m'malire a manda ndi thumba, maso ali pansi ngati munthu wotaya singano. Khoko likagwera mkati mwa malire, ngakhale pofika dzanja, ankalisiya. Anthu anayamba kuyankhula. Mtengo wa kumanda, wotuluka utomoni wofiira ngati magazi, ukabzalidwe pamalo pobwera ana asukulu? Amayi ena analeka kubwera Loweruka. Mmodzi wa iwo anandiuza pa mjigo kuti mayi aang'ono akuitanira maliro pamudzi. Ndinamufunsa kuti pamene mwana wake anali ndi zipere, anamupaka utomoni wa mtengo wanji, ndipo tinatsala pang'ono kuponyerana zidebe.

Apa mpamene analowera amalume, mlongo wawo wamkulu wa mayi aang'ono. Iwo ndiwo anali mwinimbumba wathu, ndipo nkhani za minda ya banja zinkathera kwa iwo. Anali mlimi wa fodya wodziwika, woti mbande za pa nazale yawo anthu ankabwera kudzazionera. Sanali munthu woipa. Anali ndi ana ku sekondale ndi fodya wofuna madzi, ndipo malo abwino a nazale anali amodzi okha, kumunsi kwa munda uja, pa dothi lamchenga loyandikira mtsinje. Malo omwewo ndi amene mayi aang'ono anasankhira mlombwa, ndipo mpamene pankadutsa njira yathu yotungira madzi othirira mitengo yonse.

"Mlongo wanga," amalume anatero atakhala pa khonde lathu, "fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Inu mukusiya nazale yooneka ndi maso, n'kumathamangitsa zouluka."

"Zouluka zomwezo ndi zimene munapangira chitseko chanu, alongo."

Amalume anaseka, chifukwa chitseko chawo chinalidi cha mlombwa. Koma sanabwerere m'mbuyo. Anagwirizana pamaso panga kuti mayi aang'ono ayese. Mlombwa ukamera n'kukhala moyo, malowo ndi a mitengo mpaka kalekale. Ukakanika, pofika nthawi yofesa fodya chaka chotsatira amalume adzapimapo mabedi awo. Tonse tinkadziwa tanthauzo lake. Nazale ikalowa kumunsi ndi mpanda wake, njira ya kumadzi yatsekeka, ndipo Botaniki yathera pomwepo.

Njere ya mlombwa situluka wamba m'khoko lake. Kutchire imathandizidwa ndi moto. Mu Okutobala tinayala makoko pansi, tinawafunditsa mapesi monga amachitira alimi a fodya potentha mabedi, n'kukonzeka kuyatsa. Amalume ankadutsa pa njinga. Anapitirira pang'ono, kenako anabwerera, chifukwa mlimi sangaone moto ukuyatsidwa molakwa n'kukhala chete.

"Mukuwotcha mbatata kodi? Mapesi achuluka awo! Moto uzingonyambita, usamakhalitse."

Anatsika, anaphwasula mulu wathu ndi phazi, anayala mapesi mopyapyala, ndipo anayatsa okha mbali yochokera mphepo. Atamaliza anakumbukira kuti akuthandiza adani awo, n'kukwera njinga osatsazika.

Mvula itagwa tinabzala njerezo m'mapando. Zambiri sizinamere. Ndimakumbukira mmawa umene mayi aang'ono anandiitana kuchokera kumunsi ndi mawu awo a kwaya aja, ine n'kuthamanga poganiza kuti alumidwa ndi njoka. Ndinawapeza atagwada, akuloza timasamba tobiriwira tongotuluka kumene m'dothi. Pa kambande kalikonse anazungulizapo miyala. Dzinja lonse lija timitengo tinakula mpaka kufika m'bondo mwa mwana, palibe amene anamwalira pamudzi, ndipo amayi anathawa aja anayamba kubwerera mmodzimmodzi, wa pa mjigo uja ali patsogolo. Mlangizi atabwera anayamikira, koma anatichenjeza kuti mlombwa uli ndi khalidwe lake: chilimwe chikafika ukhoza kuuma pamwamba, koma tisazule, chifukwa umayamba wamanga pansi. Tinavomera ndi mitu. Munthu ukamaona masamba obiriwira, za kuuma sizilowa m'khutu.

Kuzizira kwa Juni kutafika masamba anasanduka achikasu n'kuthothoka. Sitinadabwe, mitengo yambiri imatero. Koma pofika Ogasiti timitengo tenitenito tinauma mpaka pansi. Ukakapinda kankangothyoka ngati kamtengo ka machesi. Mkati mwa miyala ija munatsala tizitsa takuda, ndipo mwina munalibiretu kanthu.

Kwathu aliyense anakulira pa nazale ya fodya, ndipo pa nazale lamulo ndi limodzi: mbande ikauma yafa, zula, pakiza ina. Mawu a mlangizi anthu anawatenga ngati ongolimbitsa mtima, akuti a mu ofesi ntchito yawo ndi yomweyo. Pa mjigo ankati za kumanda zabwerera kwa eniake. Inenso ndikayang'ana tizitsa touma tija, mtima unkandiuza kuti amalume apambana. Zinkandiwawa kwambiri, chifukwa munda umenewo ndi umene unandichotsa pa mkeka.

Mayi aang'ono ankapitabe. Ankapalira mozungulira miyala, ankalambula m'mbali kuti moto usalowe, ankathamangitsa mbuzi pa zinthu zimene ngakhale mbuziyo sinkazifuna. Tsiku lina ndinawanong'oneza nzeru yanga ya ku Lilongwe: tipite kwa mlangizi, tikapemphe mbande zamoyo za m'machubu, tizike m'miyalamo amalume asanabwere. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndinamize alongo anga chifukwa cha mtengo? Nanga eniake a njerezi, amene akutiona pamtundapa, ndiwanamiza bwanji?"

"Nanga ngati zafadi, amayi?"

"Ngati zafa, zafa, ndidzathirira fodya. Koma ine sindinaone maliro ake."

Ndinawafunsa ngati akukhulupiriradi mawu a mlangizi. Anati sakudziwa. Anangoti munthu wakuuza kuti dikira, ndipo kudikira sikuthyola msana. Koma ndinkaona kuti chakudya sichikutsika bwino masiku amenewo, ndipo ku kwaya anayamba kuimba motsitsa.

Amalume anabwera Loweruka, kumayambiriro kwa Seputembala. Mwina anasankha dala tsikulo kuti pakhale mboni. Ana asukulu anali pansi pa mkuyu, sing'anga akuwaonetsa khungwa la muwanga. Tinangoona amalume akutsika, khasu lili paphewa, chingwe chopimira mabedi ndi zikhomo zili m'manja. Phunziro linathera pomwepo. Tonse tinawatsatira kumunsi, ana ali kumbuyo.

Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawatsekera njira n'kuwauza kuti fodya wawo wadya mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, tsopano akufuna adyenso kamunda ka mlongo wawo, ndi zina zimene sindingazilembe. Amalume anandiyang'ana modekha.

"Mwana iwe, sukulu yako ija ndinalipira ndi masuku?"

Zinali zoona, analipiradi ndi fodya yemweyo.

"Choka apo," mayi aang'ono anandiuza. Kenako anatembenukira kwa amalume. "Alongo, pangano ndi pangano, sindikukanizani. Koma musanakhome chikhomo, kumbani phando limodzi. Sankhani nokha. Mukapeza chafa, malo ndi anu, ndipo keni yoyamba ndithirira ndine."

"Ndalima fodya kuyambira ndili mnyamata. Mbande yakufa ndimaidziwa ndili pa njinga."

"Kumbani basi. Maliro sitiika osaona nkhope."

Amalume anasankha phando loipitsitsa, limene munalibe ngakhale kachitsa. Anakankha miyala ndi phazi n'kugwetsa khasu. Dothi linali louma gwa. Atagwetsa kangapo, khasu linakodwa pa kanthu. Anawerama, anafukula ndi zala, ndipo tinaona muzu. Sunali kamuzu ka mbande ya fodya, kopyapyala ngati ulusi. Unali wonenepa ngati chala chachikulu, wolunjika pansi. Anapitiriza kufukula ndi manja mpaka dzenje linameza mkono wawo kufika pa chigongono, koma mapeto ake sanawapeze. Pamene khasu linasenda panali ponyowa, ndipo tikuyang'ana panatuluka kadontho kofiira, n'kutsetsereka pang'onopang'ono m'dothi loyera lija.

Mayi aang'ono anakhala pansi pomwepo, miyendo itatambasuka, ndipo mpamene ndinadziwa mmene ankaopera. Amalume anakhudza kadontho kaja n'kuyang'ana chala chawo nthawi yaitali.

"Chinthuchi chili moyo," anatero, ngati akudandaula. "Ndiye ndachivulaza."

Anabwezera dothi ndi manja, osati ndi khasu, akulipsinja mmene amachitira powokera fodya. Anabwezeranso miyala yonse. Kenako anatikalipira tonse oonerera kuti tangoima bwanji ngati pa msika, wina atunge madzi. Anathirira okha, anatola chingwe ndi zikhomo zawo, n'kukwera mtunda. Mayi aang'ono anayamba kuseka amalume ali kale patali, kuseka kuja komveka kutsidya, misozi ikutsika m'masaya.

Chaka chimenecho amalume anaika nazale kumunda kwawo, kutali ndi madzi, ndipo ankakwera mtunda ndi makeni mmawa ndi madzulo. Anadandaula nyengo yonse kwa wofuna kumva ndi wosafuna yemwe. Koma pa malo aja sanabwererepo ndi chingwe. Ndimawalemekeza pa chimenecho, ngakhale kuti sindinawauzepo, chifukwa pakamwa panga pamafulumira pa zokalipa zokha.

Mvula yoyamba itagwa, m'miyala muja munatuluka mphukira zamphamvu kuposa zoyamba zija, ndipo ngakhale phando limene amalume analivulaza linaphuka. Tinavina. Chilimwe chitafika zinaumanso. Chaka chinacho chimodzimodzi, ndi chinachonso. Mlombwa unkatuluka, n'kutiona, n'kubwerera pansi. Zinafika pokhala phunziro lokondedwa kwambiri la Loweruka. Magulu ochokera ku Bowe ndi ku Chezi ankabwera pa matola kudzaona mmene tinayambira munda wathu, kuti nawonso akayambe kwawo. Mayi aang'ono ankawadutsitsa pa nthudza ndi mpoza zobereka kale, n'kukawaimika pa miyala yozungulira dothi lopanda kanthu.

"Uwu ndiye mtengo wathu waukulu," ankatero.

Alendo ankaseka, iwo n'kuwafotokozera, ndipo nkhani ya khasu la amalume inkakula chaka ndi chaka mpaka muzu uja unafika ponenepa ngati mwendo wa munthu. Amalume akakhalapo ankangopukusa mutu, koma sankatsutsa.

Mayi aang'ono anayamba kudwala mwana amene ndinabwera naye kumsana uja ali kale pasukulu. Anali matenda a m'mimba. Tinayenda nawo kuchipatala kangapo, kenako anati basi, ndibwezereni kwathu. Masiku omaliza ankandifunsa za mlombwa, ngati waima osaumanso. Ndinkafuna kuwasangalatsa, koma ndinali nditaphunzira kale kuti sanamizika. Ndinawauza kuti wayambanso kuuma.

"Usiye," anatero. "Mtengowo ukudziwa chimene ukuchita."

Anamwalira m'nyengo yozizira. Kumanda ndinali nditalowako kangapo pa maliro a ena, koma maso anga ankakhala pansi. Tsiku limenelo ndinayang'ana m'mwamba. Adzukulu anali atakumba pafupi ndi umodzi wa milombwa ija, thunthu lake loti munthu sangalikumbatire, nthambi zake zopanda tsamba zitadzaza makoko. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira ukwati wanga, ndipo panalibe wondiponyera khasu.

Ndikanakonda kulemba kuti chaka chomwecho mlombwa wawo unaima. Ayi ndithu, unaumanso, wopanda ulemu. Unadzaima pambuyo pake, gulu tikuliyendetsa tokha, movutikira ndiponso mokangana. Dzinja lina mphukira zingapo zinathamanga n'kundipitirira msinkhu, ndipo chilimwe chitafika zinangoyoyola masamba, thunthu n'kukhala chilili. Lero milombwa imeneyo ili ndi kamthunzi kokwanira ana ochepa. Pa kachidutswa ka lata ndinalembapo dzina limodzi lokha, chifukwa pa mlombwa a ku Bowe ndi a kuno sanatsutsane.

Amalume akalamba tsopano. Fodya anasiyira ana awo, ndipo Loweruka amabwera ku Botaniki kudzatiuza kuti tikuthirira molakwa. Ogasiti wapitayu ndinakwera kumtunda kukalambula m'mbali mwa munda, mphepo ikundithira fumbi m'maso. Ndinawapeza m'malire a manda ndi thumba la feteleza, akuwerama movutikira, ndodo ili m'dzanja lina.

"Amalume, mukutani kuno ndi msana wanuwo?"

"Ndikutola katundu wa mayi ako," anatero osadzutsa mutu. "Akungoponya, akungoponya, ngati ine ndilibe ntchito zina."

Thumbalo linali litafika pakati. Ndinawathandiza kutola. Panali khoko lina lalikulu, lokongola, litagwera mkati mwa malire, pamalo poti ndodo yawo ikanalikoka mosavuta. Ndinaliloza. Amalume anapukusa mutu, anatsamira ndodo n'kukhala pansi pang'onopang'ono, nkhope italoza kumanda.

"Limenelo sanatipatse. Khala pansi, mwana iwe. Umawadziwa mayi ako, sachita zinthu mothamangitsidwa."

Ndinaika khasu pambali n'kukhala nawo pansi, tikudikira mphepo.